Tiphunzire ku sewero la Rent

Anzanga a m'makalabu, lero tione sewero la nyimbo lotchedwa Rent lomwe analemba Jonathan Larson. Linayamba kuonetsedwa mu 1996 m'kanyumba kakang'ono ka zisudzo ku New York.

Muli mnyamata woimba gitala, Roger, yemwe ali ndi kachilombo ka HIV. Mtsikana wina, Mimi, wamukonda, koma Roger akungomuzemba, mpaka kumukalipira. Vuto n'chiyani? Akuopa kuulula. Tsiku lina ali kumalo odyera, kabelu kokumbutsa Mimi kumwa mankhwala a AZT kanalira. Apa m'pamene Roger anazindikira kuti onse awiri ali nako kachilomboka.

Ine chimandisangalatsa n'chakuti wolembayo sanaike dokotala woti alalikire anthu. Kabelu kokha basi, oonera n'kumva zonse. Masewero athu ambiri amathera kumaliro, wodwala titamupaka phulusa kumaso. Mu Rent imfa ilimonso, koma pomaliza Roger ndi Mimi ali limodzi, amoyo.

Kayeseni pa kalabu yanu: anthu awiri, mphindi 5, wina adziwitse chibwenzi chake kuti amamwa ma ARV. M'malo mwa kabelu muikapo chiyani?