PHUNZIRO LA MWEZI UNO: CHOVALA CHA M'KATI CHA WOKWERA NJINGA

Njinga ndiyo miyendo ya anthu ambiri a kumudzi. Mphunzitsi apita nayo kusukulu, mlimi atengerapo chimanga kunka kuchigayo, mlangizi wa zaumoyo ayendera nayo midzi, ndipo anyamata a kabaza ku Salima, ku Dedza ndi ku Mchinji adyetsa nayo mabanja awo. Onsewa akwera atavala zovala za masiku onse. Koma pali vuto limodzi limene ambiri achita manyazi kulitchula, ndilo kusupuka kwa khungu m'mphechepeche ndi pokhalira. Wakabaza amene wadwala chotere agona masiku osapeza ndalama, ndipo mwana wasukulu ajomba. Kawirikawiri mwini mlandu si njinga ayi, koma chovala cha m'kati.

Chiyambi cha zilonda

Munthu akamapalasa kamodzi pa sekondi iliyonse, pakutha ola limodzi wapalasa ka 3,600. Nthawi zonsezi nsalu ikhuza khungu pamalo amodzimodzi. Khungu louma lipirira, koma lonyowa ndi thukuta lifewa ndipo lisupuka msanga. Tizilombo tikalowa posupukapo, patuluka zithupsa. Komanso pamalo pofunda ndi ponyowa ndi pamene zipere za m'mphechepeche zikonda kumera. Chifukwa chake vutoli likula m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene kutentha kufika madigiri 40.

Tsono adani a wokwera njinga ndi atatu: msoko, thukuta ndi litsiro.

Posankha kumsika

1. Yang'anani msoko. Tembenuzani chovalacho, muyendetse chala pakati pake. Ngati pali msoko wokhuthala pamalo amene mukhalira pachishalo, chisiyeni, ngakhale chikhale chotsika mtengo. Funani cha misoko yosalala kapena yopita m'mbali.

2. Yang'anani msinkhu. Chothina kwambiri chidula khungu pamene pali lasitiki. Chotaya nacho chikwinyika, ndipo makwinyawo akhuza ngati msoko. Chabwino ndi chogwira thupi bwinobwino popanda kufinya.

3. Yang'anani miyendo yake. Kabudula wa m'kati wofika pakati pa ntchafu ateteza ntchafu kuti zisakhuzane ndi chishalo. Kapanti kakafupi kali ndi lasitiki pamalo penipeni pamene mwendo upindika, ndipo paulendo wautali kaluma.

4. Yang'anani nsalu. Ya thonje ndi yofewa ndipo ipitsa mpweya, kotero ndi yabwino paulendo waufupi. Koma thonje limwa thukuta ndi kulisunga, lichedwa kuuma. Wopalasa tsiku lonse achita bwino kugula nsalu yopepuka ya osewera mpira, imene iuma msanga. Ngati ali ndi za thonje zokha, atenge china chouma m'thumba, asinthe masana.

Amene apikisana pa njinga avala kabudula wothina wokhala ndi kansalu kofewa pakati, ndipo savalanso china m'kati mwake. Ife a kumudzi sitisowa kugula ameneyo, koma nzeru yake titengepo: pakati pa khungu ndi chishalo pasakhale msoko.

Kwa amayi ndi atsikana

Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauza linathetsedwa mu 1993, komabe amayi ambiri akonda kukwera atavala chitenje kapena siketi. Palibe cholakwa. M'kati mwake muvale kabudula wofewa wofika pafupi ndi mawondo. Atero akusungirani ulemu pokwera ndi potsika kapena mphepo ikaomba, ndiponso ateteza ntchafu. Pewani zovala za m'kati za maluwa olukaluka, pakuti zikanda. Chitenje muchimange bwino kuti nsonga yake isakodwe m'tcheni kapena m'masipoko. Mukafika, musakhalitse ndi chovala chonyowa, chifukwa chinyezi chibweretsa kuyabwa.

Kasamalidwe kake

Chovala chabwino chopanda ukhondo n'chachabe. Khalani nazo zitatu: chimodzi pathupi, china pachingwe, china m'sutikesi. Chimene mwapalasa nacho lero musachivalenso mawa musanachichape. Chapani ndi sopo, mutsukuluze kwambiri, popeza sopo wotsalira m'nsalu awotcha khungu. Ngati mwagula pa kaunjika, yambani mwachiviika m'madzi owira.

Ambiri ayanika zovala za m'kati m'nyumba, kuseri kwa chitseko, kapena pansi kuseri kwa bafa, kuopa maso a anthu. Apa pali ngozi. Kuli ntchentche ina imene iikira mazira padothi ndi pa zovala zonyowa zoyanikidwa pamthunzi. Mazirawo akaswa, mphutsi ziboola khungu la wovala, ndipo patupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Choncho yanikani pachingwe, padzuwa, ziume gwaa. Mukafuna, phimbani ndi kansalu kopyapyala. Pomaliza sitani ndi simbi yotentha, makamaka m'misoko ndi m'mphepete, pakuti moto upha mazirawo.

Onaninso njinga ndi thalauza

Thalauza ya jinzi ili ndi mfundo yolimba pamene misoko inayi ikumana, ndipo mfundoyo igwera pachishalo penipeni. Paulendo wautali valani thalauza ya nsalu yofewa. Chishalo chikakwera kwambiri, thupi lipendekera uku ndi uku, ndipo kukhuzana kuchuluka. Yesani motere: khalani pachishalo, ikani chidendene pa chopalasira chili pansi. Mwendo uwongoke popanda inu kupendekeka. Chishalo chong'ambika chikonzedwe msanga.

Khungu likayamba kufiira

Sambani ndi madzi oyera, pukutani bwino, ndipo mupumule kukwera tsiku limodzi kapena awiri. Kudzola Vaseline pang'ono musananyamuke kuchepetsa kukhuzana. Chithupsa musachifinye ndi zala zakuda. Ngati chatupa kwambiri, chikutuluka mafinya, thupi latentha, kapena kuyabwa sikukutha, pitani kuchipatala. Odwala matenda a shuga asazengereze konse, chifukwa zilonda zawo zichedwa kupola. A chipatala aona zotere masiku onse, sadzakusekani. Akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwa aphunzitsi

Phunziro ili liyenera ana a makalasi apamwamba amene abwera kusukulu pa njinga. Anyamata aphunzitsidwe paokha ndi mphunzitsi wamwamuna, atsikana paokha ndi mphunzitsi wamkazi, kuti afunse momasuka. Pomaliza afunseni mafunso awa:

1. Tchulani adani atatu a wokwera njinga.
2. Kodi nsalu ya thonje ili ndi ubwino wanji, nanga kuipa kwake n'kotani?
3. N'chifukwa chiyani tiyenera kusita zovala za m'kati?
4. Kodi tidziwa bwanji kuti chishalo chakwera kwambiri?