Mutu 6: Zigoba za m'mwala ndi nyanja zomwe zinauma kalekale

Aphunzitsi, tiyerekeze kuti mwana wabwera m'kalasi ndi mwala wokhala ndi chigoba m'kati mwake, n'kufunsa kuti, "Kodi chinalowamo bwanji?" Mungamuyankhe zotani? Ambirife timangoti, "Khala pansi, zimenezo si za lero." Mutu uno ukuthandizani kuti musamubwezenso choncho.

Tiyambe ndi oyisitala. Aka ndi kanyama ka m'nyanja zamchere kokhala pakati pa zigoba ziwiri zokhakhala. Kakakula sikayendayenda ayi: kamadzimata pamwala kapena pachigoba cha kanzake, m'madzi osaya, mpaka kufa. Matope akakwirira zigobazo n'kuuma kwa zaka mamiliyoni, zonse zimasanduka mwala. Zotsalira zoterezi ndizo mafosilo. Tsono mukapeza zigoba za oyisitala zambiri zitamatana m'thanthwe, zina zili ziwiriziwiri monga zinalili kanyamako kali moyo, dziwani kuti pamalopo panali nyanja yosaya. Zimenezi zimapezeka m'chigwa cha Sundays River, kufupi ndi mzinda wa Gqeberha ku South Africa, m'miyala ya zaka zoposa 130 miliyoni. Koma chenjerani. Mulu wa zigoba zosakanikirana ndi phulusa ndi makala si umboni wa nyanja; pamenepo anthu akale ankadyerapo ndiwo basi.

Tsopano tipite ku Laudium, dera la kumadzulo chakumwera kwa Pretoria, kumene abale athu ambiri ochokera ku Malawi amagwira ntchito. Malowa ali kutali ndi nyanja, pamtunda wokwera mamita oposa 1,300. Komabe nyumba zambiri kumeneko zinamangidwa pa dolomaiti, mwala wofanana ndi wa laimu, womwe unapangika pansi pa nyanja yosaya zaka pafupifupi 2,500 miliyoni zapitazo.

Ndiye kuti mungapezeko oyisitala? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka. Oyisitala anayamba kupezeka zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Nyanja ya ku Laudium inauma kale kwambiri kusanakhale nyama iliyonse, ngakhale nyongolotsi. Zamoyo zomwe zinalimo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala ngati ndere. Tinkayala pansi pamadzi n'kumagwira matope a laimu, mpaka kupanga timizere topyapyala tosanjikizana ngati masamba a kabichi. Akatswiri amatcha zimenezi kuti stromatolites, ndipo zina zikukulabe lero ku Shark Bay, ku Australia. Ine ndimaona kuti phunziro lenileni lagona apa: kusowa kwa chigoba nakonso kumatiuza msinkhu wa mwala.

Nkhaniyi si ya m'buku mokha. Madzi amasungunula dolomaiti pang'onopang'ono n'kusiya mapanga pansi. Paipi ikamadontha kwa nthawi yaitali, dothi limakokolokera m'mapangamo, kenaka tsiku lina nthaka imangotitimira n'kusiya chidzenje pamsewu kapena pabwalo la nyumba. Anthu a ku Laudium ndi ku Centurion vutoli amalidziwa bwino.

Kwathu kuno, miyala ya Chiwondo ku Karonga ili ndi zigoba za nkhono za m'madzi opanda mchere. Zimenezo zikuloza nyanja yakale ya kumtunda ngati Nyanja ya Malawi, osati yamchere.

Ntchito 1

Tolani chigoba cha nkhono chouma. Chiswereni m'kapu, muthiremo viniga kapena madzi a mandimu. Muona tithovu tikutuluka; laimu wa m'chigobamo ndiye akusungunuka. Dolomaiti sachita thovu msanga pokhapokha mutamupera, choncho musadabwe mukayesa. Chitani izi ndi ophunzira anu a Sitandade 7, ndipo musawauziretu yankho. Lembani mafunso atatu omwe anawo afunse, m'mawu awo omwe, ndi mmene mwawayankhira. Mutumize pamodzi ndi ntchito yanu ya mwezi uno.