Za Madzi Onyansa ndi Mtsinje wa Lutembwe

Mudzi waukuru wa Chipata, umene kale unachedwa Fort Jameson, umamwa madzi a m'madamu a pa mtsinje wa Lutembwe. Kamtsinje ka Lunkhwakwa kapita pakati pa mudziwo, ndipo madzi a dziko lonselo atsikira ku cigwa ca Luangwa. Cotero munthu wa kumtunda akataya zonyansa m'khwawa, azipereka kwa mbale wace wa kunsi, amene atunga pomwepo, natsirira nazo ndiwo zace za m'dimba.

Anthu ambiri amati madzi oyenda adziyeretsa okha. Mau awa anaika ana ambiri m'manda. M'zonyansa za munthu muli tizirombo tosaoneka ndi maso, ta kolera ndi ta kamwazi, pamodzi ndi mazira a njoka za m'mimba; ndipo wodwala likodzo akakodza m'madzi, nthendayo ilowa m'nkhono za m'dambo, nibwerera kwa ana osamba. M'caka ca 1854 sing'anga wa ku London, Dr. John Snow, anaonetsa kuti kolera wa pa Broad Street anacokera pa mpope umodzi wa madzi. Nthenda yomweyo inabuka m'Zambia mu October 2023, nipha anthu oposa 700. Sukulu zinacedwa kutsegulidwa, ndipo bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala.

Tsono mudzi waung'ono, wopanda makina, ungacite ciani? Coyamba ndi cimbudzi. Ciyenera kukumbidwa kunsi kwa citsime, cosayandikira mamita 30, ndiwo mafiti ngati 100. Ndipo pansi pa dzenje pasafike pa madzi a m'nthaka. Pakuti dothi louma ndilo lisefa zonyansa pang'ono pang'ono mpaka tizirombo tafa. Koma dzenje lokumbidwa m'dambo lidzala pa dzinja, ndipo zace zonse ziyenda pansi kunka ku citsime. Pabowo pakhale cobvundikira cifukwa ca nchenche, ndi pakhomo madzi ndi sopo, kapena phulusa. Za mwana wakhanda zitayidwenso momwemo, ngakhale amai ena aziyesa zopanda cifukwa. Lamulo lakukwirira zonyansa kunja kwa cigono lilimo kale m'buku la Deuteronomo, mutu 23.

Madzi osamba ndi otsukira mbale asasiyidwe kupanga cithaphwi ca udzudzu. Kuseri kwa bafa kukumbidwe dzenje lodzaza miyala, ndipo m'mbali mwace mubzalidwe nthoci, zimene zimwa madziwo ndi kubwezera mwini wace mkoko.

Pamene pali anthu ambiri, monga pa sukulu yogonera kapena cipatala, pafunika maiwe okumba, onga aja a ku Kaunda Square ku Lusaka. Nchito yace njodabwitsa, pakuti wogwira ndiye dzuwa. M'dziwe loyamba, lakuya, zolemera zimira ndi kuolera pansi. M'laciwiri, lotambalala ndi losaya, mumera ndere zobiriwira zimene zipatsa madzi mpweya, ndipo tizirombo tabwino tidya zonyansa zotsala. M'lacitatu kuwala kwa dzuwa kupha tizirombo ta nthenda. Ulendo wonse utenga masabata angapo, ndipo pamenepo madzi akhoza kulowa mumtsinje osapha nsomba. Komabe sali akumwa ai.

Maiwe otere aonongeka ndi ulesi koposa ndi ukalamba. Afuna mpanda woletsa ana ndi ng'ombe, munthu wocheca udzu wa m'mphepete kuti udzudzu usaswane, ndi kucotsa matope a m'dziwe loyamba pakapita zaka zingapo. Woyang'anira azindikira ndi maso ndi mphuno: dziwe laciwiri likakhala lobiriwira liri bwino, koma likada ndi kununkha ngati dzira lobvunda, lalandira zonyansa zoposa mphamvu yace.