Kuchotsa ndi Kuikanso Pulogalamu ya Makalata pa Kompyuta

Aphunzitsi ambiri ndi alembi a m'midzi masiku ano alandira makalata a ntchito pa kompyuta, ndiwo aja otchedwa imelo. Ena mwa iwo awerenga makalatawo ndi pulogalamu yotchedwa Thunderbird, ya bungwe la Mozilla, imene ipatsidwa kwa munthu aliyense ulere. Pulogalamuyi nthawi zina ichita makani. Ikana kutseguka, kapena iima osayenda, kapena makalata ena saoneka. Pamenepo anthu afulumira kuichotsa ndi kuika ina yatsopano, koma adabwa poona kuti vuto lija lilipobe.

Chifukwa chake n'chakuti pa kompyuta ya Windows zinthuzi zikhala pawiri. Pulogalamu yeniyeni ili pa malo ake, ndipo makalata, makeyala a anthu, mau achinsinsi ndi makonzedwe onse zili m'foda ina yotchedwa profile. Munthu akachotsa pulogalamu, profile itsala. Yatsopano ikafika ipeza profile yakale ija niyamba kugwira nayo ntchito, tsono ngati chilema chinali m'menemo chibwerera. Zifanana ndi munthu wogwetsa nyumba namanga ina chifukwa cha anankafumbwe, pamene anankafumbwewo ali m'nkhokwe.

Komanso nkhokwe satentha chimanga chili momwemo, ndipo apa ndi pamene anthu ataya makalata a zaka zambiri. Njira zolandirira makalata zilipo ziwiri. Pa njira ya IMAP makalata akhala ku kampani yosunga imelo, monga Gmail, ndipo kompyuta ingosonyeza zimene zili kumeneko. Pa njira ya POP makalata atsitsidwa pa kompyuta, ndipo kawirikawiri afafanizidwa ku kampani kuja patapita masiku. Wa POP akataya profile wataya makalata ake, ndipo palibe kwina kokawapempha. Ngakhale wa IMAP achenjere, pakuti zimene anasunga mu Local Folders zili pa kompyuta yake yokha.

Asanachotse kanthu munthu ayambe wayesa mankhwala ang'ono. Atsegule Thunderbird atapanikiza batani la Shift. Ikatseguka motero n'kuyenda bwino, cholakwa chili pa zoonjezera zimene anaikamo, ndipo kuzichotsa kukwanira. Ngati vuto ndi makalata osaoneka m'foda imodzi, alowe mu Properties ya fodayo nasankhe Repair Folder. Nthawi zambiri ntchito ithera pomwepa.

Izi zikakanika, ndiye nthawi yoyamba zonse mwatsopano. Poyamba atseke Thunderbird. Apanikize batani la Windows pamodzi ndi R, alembe %APPDATA% ndipo aona foda yotchedwa Thunderbird. Aikopere yonse pa fulashi. Kenaka achotse pulogalamu ija kudzera mu Settings kapena Control Panel. Foda yotsala ija asaifafanize ai, angoisintha dzina, monga Thunderbird-yakale. Pulogalamu yatsopano posapeza dzina limene ilidziwa, ipanga profile ina yopanda kanthu. Yatsopanoyo aitenge ku thunderbird.net, osati kwa aliyense wogawa mapulogalamu pa fulashi ku msika, pakuti mavairasi ayenda m'njira yomweyo.

Zopunthwitsa zina zidza pambuyo pake. Makompyuta ambiri a m'sukulu ndi akale, ndipo Thunderbird yomaliza kugwira ntchito pa Windows 7 ndi Windows 8 ndi ya nambala 115. Yoposa nambala imeneyi ikana kulowa, choncho ndi nzeru kupeza yoyenera asanachotse yakale. Chachiwiri ndi mau achinsinsi. Ambiri anawalemba kamodzi kalekale ndipo anaiwala, chifukwa pulogalamu inali kuwakumbukira. Mauwa aoneka mu Settings, pa Saved Passwords, ngati pulogalamu yakale ikali kutseguka. Kuyambira m'chaka cha 2022 Google inaleka kulola mapulogalamu otere kulowa mu Gmail ya munthu ndi mau achinsinsi okha. Tsopano patseguka tsamba la Google lofuna chilolezo, ndipo mwina nambala itumizidwa pa foni. Amene anataya nambala ya foni imene analembetsa ayambe wakonza zimenezo.

Wa IMAP adziwenso kuti makalata onse atsikanso kuchokera pa intaneti. Ngati ali ndi zithunzi ndi mafomu ambiri, bandulo ya sabata ikhoza kutha tsiku limodzi, choncho ntchitoyi ichitikire pamene pali intaneti yokwanira.

Makalata a POP ndi a Local Folders ali m'foda yotchedwa Mail, m'kati mwa profile yakale, m'mafayilo a maina onga Inbox ndi Sent. Thunderbird ili yotseka, mafayilowa akoperedwe mu Local Folders ya profile yatsopano, atapatsidwa maina ena kuti asaphane ndi atsopano. Makeyala a anthu abwezedwa kudzera mu Import. Foda yakale ndi fulashi ija zisungidwe kufikira mwini wake atatsegula mafoda onse mmodzimmodzi naona kuti makalata a malipiro, a mayeso ndi a ku ofesi ya maphunziro alipo.