Phunziro: Kodi magemu amasanduka liti matenda? Muyeso wa ku China

Amayi anzathu, mayi akaona mwana wake wagwira foni kuyambira m'mawa mpaka usiku, mtima umamuwawa. Koma kodi angadziwe bwanji ngati mwanayo akungosewera kapena wakodwa? Funsoli lavutitsa kwambiri makolo, madokotala ndi boma ku China, dziko limene anthu mamiliyoni ambirimbiri amasewera magemu a pa foni ndi pa kompyuta. M'phunziro lino tiona miyeso imene ayesako, kumene inawalakwitsa ndi kumene inawathandiza.

Kuwerenga maola

Poyamba anthu ankayang'ana nthawi. Mu 2008, dokotala wina wa pa chipatala cha asilikali ku Beijing, Tao Ran, anakonza muyeso wodziwira munthu wokodwa ndi intaneti. Mwa zizindikiro zake munali kukhala pa intaneti maola 6 pa tsiku, osati pa ntchito kapena pa sukulu, kwa miyezi 3.

M'zaka zomwezo makolo ambiri, chifukwa cha mantha, ankapereka ana awo ku malo ochotsera chizolowezichi, kumene ana ankasungidwa ngati asilikali. Ku Linyi, m'chigawo cha Shandong, dokotala Yang Yongxin ankawagwiritsa magetsi m'mutu, ndipo Unduna wa Zaumoyo unaletsa njirayi mu 2009. Chaka chomwecho mnyamata wina anamwalira atamenyedwa pa malo otere m'chigawo cha Guangxi. Makolowo ankawakonda ana awo, koma panalibe muyeso wodalirika wosiyanitsa wodwala ndi wongokonda kusewera.

Kenako boma linaika malamulo. Mu 2019 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 asapitirire mphindi 90 pa masiku a sukulu. Mu 2021 linakhwimitsa: ola limodzi lokha, kuyambira 8 mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Koma taonani, amayi: lamuloli limathera pa zaka 18. Pa msinkhu womwewo wachinyamata amakhala atangomaliza gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, n'kuchoka pakhomo. Kumeneko kulibe lamulo lomuletsa, kulibenso mayi womuzimitsira foni. Ofufuza ambiri a ku China amapita kukafunsa ophunzira a m'mayunivesite.

Kufunsa zimene zawonongeka

Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linalemba zizindikiro 9, ndipo linati nkhaniyi ifufuzidwebe. Zizindikirozo ndi izi: kumangoganiza za magemu, kupsa mtima kapena kusowa mtendere akalandidwa, kufuna nthawi yochulukirachulukira, kuyesa kusiya n'kulephera, kutaya chidwi ndi zimene ankakonda kale, kupitiriza ngakhale akuona mavuto, kunamiza abale za nthawi imene wasewera, kusewera pothawa chisoni, ndi kuika pangozi sukulu, ntchito kapena ubale. Munthu amaganiziridwa kuti ali ndi vuto ngati ali ndi 5 mwa zimenezi m'miyezi 12.

Mu 2015 akatswiri awiri, Halley Pontes ndi Mark Griffiths, anasandutsa zizindikirozi kukhala mafunso 9. Pa funso lililonse munthu amadzipatsa yekha nambala kuyambira 1, kutanthauza kuti sizimuchitikira, mpaka 5, kutanthauza kuti zimamuchitikira kawirikawiri. Zikaphatikizidwa zimakhala pakati pa 9 ndi 45. Mafunsowa anamasuliridwa m'Chitchaina ndipo anayesedwa pa achinyamata a kumeneko, popeza funso lomveka ku London likhoza kumveka mwina ku Beijing.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linavomereza vutoli m'ndandanda wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ilo linatchula zinthu zitatu: kulephera kudziletsa, kuika magemu patsogolo pa zonse, ndi kupitiriza ngakhale zinthu zikuipa. Linawonjezera kuti moyo wa munthuyo ukhale utasokonezeka ndithu, kawirikawiri kwa miyezi 12. Mafunso 4 ochokera pa muyeso umenewu anayesedwa pa osewera a ku China ndi a ku Britain.

Tikaiyang'ana bwino miyeso iwiriyi, tiona kuti palibe umene ukufunsa kuti, "Wasewera maola angati?" Wina akhoza kusewera nthawi yaitali pa tchuthi, sukulu ikatsegulidwa n'kuika foni pansi. Mnzake amasewera pang'ono poyerekeza naye, koma amajomba m'kalasi, amanama ndipo sagona. Wachiwiriyu ndiye wofunika thandizo.

Malire a muyeso

Mafunsowa amayankha ndi mwini wake. Tsono ngati kunama ndi chimodzi mwa zizindikiro, wokodwa akhoza kunamanso poyankha, pamene wina wamantha akhoza kudzineneza mopitirira. Choncho nambala yokwera si chigamulo. Ndi chenjezo loti akaonane ndi dokotala. Ofufuza apezanso kuti vutoli limayenda limodzi ndi nkhawa, kusungulumwa ndi matenda okhumudwa. Kulanda foni kokha sikuchiza zimene zinamuthamangitsira mwanayo ku foniko. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: mayi ayambe wafunsa ndi kumvetsera asanaweruze.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani kuwerenga maola kokha kungatisocheretse?
2. Pa zizindikiro 9 zija, ndi ziti zimene mayi angazione yekha, nanga ndi ziti zimene angazidziwe pokhapokha mwana atamuuza?
3. Makolo a ku Linyi ankafuna zabwino. Kodi mantha angatichititse chiyani ife kwa ana athu?
4. Tingamukonzekeretse bwanji mwana kudziletsa yekha asanachoke pakhomo?