ZA CISANU: KODI KUZIZIRA KWA LERO KULINGANA NDI KWA KALE?

Inu eni mabanja, poota moto madzulo a mwezi wa June mwamva kawirikawiri akuru alikutsutsana za cisanu. Wina ati cisanu ca masiku ano ncacibwana, pakuti kale madzi a nkhuku anali kuuma m'phale usiku. Mnzace ati iai, nyemba zace za kudimba zinapsa dzana lomweli usiku umodzi wokha. Onse awiri anena zoona. Koma wolima dimba ayenera kudziwa zoposa izi, cifukwa mbeu za kudimba ndizo zisunga banja pamene nkhokwe yayamba kupepuka.

Tiyambe ndi mau, pakuti anthu amasokoneza. Matalala muwadziwa: ndiwo miyala ya madzi yogwa pamodzi ndi mabingu, imene ing'amba fodya. Cisanu coyera cija mucipeza pa udzu mamawa sicigwa kucokera kumwamba; ndico cinyontho ca mu mpweya cimene cauma pa tsamba cifukwa ca kuzizira. Koma cipale cofewa cigwa kucokera m'mitambo, coyera ndi copepuka ngati thonje, ndipo m'midzi yathu sicigwa. Kumwera kwa Afrika cigwa caka ndi caka pa mapiri a Lesotho, ndipo mwa kamodzikamodzi citsikira ku mizinda.

Pa 10 July 2023 cipale cinagwa mu mzinda wa Johannesburg, ndipo kapena mwana wanu wogwira nchito ku Joni anakutumizirani cithunzi cace pa foni. Mu September 2024 cinatseka mseu wa pakati pa Johannesburg ndi Durban, kotero kuti anthu anagona m'magalimoto. Ena poona izi anati, Nanga dziko litentha bwanji? Taonani tsono: mu mzinda womwewo cipale cinagwanso mu August 2012, ndipo mu September 1981 cinagwa cambiri koposa. Si cinthu catsopano ai, ndi mlendo wobwera patapita zaka. Mlendo wa tsiku limodzi sangatiuze makhalidwe a mudzi wonse. Cifukwa cace akatswiri a zanyengo salingirira caka cimodzi. Aphatikiza zolembedwa za zaka 30, napeza pakati pace, ndipo pomwepo alinganiza.

Mboni yokhulupirika ndiyo phiri la Kilimanjaro m'dziko la Tanzania, limene pamwamba pace pakhala madzi ouma osasungunuka caka conse. Kuyambira 1912, pamene anthu analemba malire ace, madzi oumawo atha koposa magawo 8 mwa magawo 10.

Nanga kwathu kuno? Pa malo monga Chileka, Bvumbwe, Chitedze ndi Dedza pali zoyesera kutentha zimene awerenga tsiku ndi tsiku. Atawerengera zolembedwa za Malawi kuyambira 1960 kufikira 2006, anapeza kuti kutentha kwa caka conse kunakwera ndi madigiri 0.9. Cacikuru cinaoneka usiku: usiku wofunda unacuruka, ndipo usiku wozizira kwambiri unacepa. Cifukwa cace cacikuru ndico utsi wa malasha ndi mafuta umene maiko atentha zaka zambiri. Mpweya wace ufunda dziko ngati gombeza, nuletsa kutentha kuthawira kumwamba.

Mwina mudzati digiri imodzi njacabe. Lingirirani cotere. Munthu akakwera phiri mamita 1,000, kutentha kutsika monga madigiri 6 ndi theka. Ndico cifukwa Dedza, amene ali pamwamba mamita monga 1,600, azizira pamene anthu a ku Nsanje agona opanda copfunda. Cotero digiri imodzi ilingana ndi mamita monga 150. Kuli ngati wina ananyamula mudzi wanu, ndi minda yace yomwe, nautsitsa kunsi kwa phiri mamita 150 inu muli m'tulo. Nyumba nzomwezo, koma nyengo si yomweyo.

Tsono pali zolakwa ziwiri zimene mwini dimba angagwemo.

Coyamba ndico kuyesa kuti cisanu catha. Sicinathe. Ku Dedza, ku Tsangano, ku Nyika ndi m'madambo a kumtunda cifikabe mu June ndi July, ndipo usiku umodzi ukwanira kupha matimati, nyemba, maungu ndi mbatata ya kacewere. Dziwani makhalidwe ace. Mpweya wozizira ngwolemera, ndipo utsetsereka usiku monga madzi, nukakhala pansi pa dambo. Cifukwa cace mbeu zosapirira muzibzala pamtunda pang'ono, ndipo pansi penipeni muikepo kabici, mpiru, anyezi ndi nsawawa, zimene siziopa kuzizira. Usiku woopsa ndiwo wopanda mtambo ndi wopanda mphepo, pamene nyenyezi ziwala kwambiri. Mukaona dzuwa lilikulowa cotero, phimbani nazale ndi udzu wouma, ndipo mucotse udzuwo dzuwa litakwera. Thirani madzi masana, pakuti nthaka yonyowa isunga kutentha kwa dzuwa koposa youma. Masiku a ciperoni, mtambo uja wa mvula yowaza umene dzina lace licokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, musaope cisanu, pakuti mtambo ufunditsa nthaka. Muope ciwau, cimene cikonda masamba onyowa a matimati ndi kacewere. Ndipo usiku woyamba mtambo utacoka mukhale maso.

Colakwa caciwiri ncoipa koposa, ndico kulima monga ngati kuzizira kudzakugwirirani nchito imene kunagwirira makolo anu. Kuzizira ndi wanchito wosalipidwa. Kukazizira, tizirombo tiswana pang'onopang'ono. Kukafunda, mibadwo yao itsatana msanga. Kumbukirani mbozi zacilendo za nchemberezandonda, zocokera ku America, zimene zinafika kuno m'dzinja la 2016 ndi 2017, mpaka Boma linalengeza tsoka mu December 2017. Mbozi imeneyi siigona m'nthaka kudikira mvula monga zicita zina. Ifuna camoyo cobiriwira caka conse, ndipo cisanu coopsa ciipha. Nanga mu July cimanga cobiriwira icipeza kuti? Kudimba kwanu. Dimba losayang'aniridwa ndilo khola lowetera mbozi zimene zidzadya munda waukuru mvula ikagwa, wanu ndi wa anansi anu omwe. Cotero yenderani cimanga ca kudimba kawiri pa sabata, mamawa. Tembenuzani masamba, phwanyani mazira, ndipo yang'anani pamtima pa phesi pamene mboziyo ibisala. Ana angathe kuthandiza nchitoyi bwino, pakuti maso ao ngakuthwa.

M'nkhokwe nkhani ndi yomweyo. Nankafumbwe wamkuru, amene aboola ndi mitengo yomwe, analowa m'dziko muno ca ku Karonga mu 1991. Musasiye cimanga ndi makoko ace kuti mudzatonola mu September. Ciumitseni kufikira njere ilira pa mano, mucitonole, ndipo mucisunge m'matumba osalowa mpweya kapena ndi mankhwala amene mlangizi wa zaulimi akuuzani.

Cotsala ndi ici. Zolembedwa za ku Chitedze sizidziwa dambo lanu, ndipo mtima wa munthu ukumbuka caka coopsa cokha, nuiwala zaka zabwino zisanu. Gulani kabuku ka sukulu, mukasunge pamodzi ndi Buku Lopatulika kuti ciswe cisakadye. Lembanimo tsiku loyamba kuona cisanu pa udzu ndi tsiku lotsiriza, mamawa angati cinaoneka, mbali iti ya dimba inapsa, tsiku limene munaona mbozi yoyamba, ndi tsiku la mvula yobzalira. Pa tsamba loyamba lembani zimene akuru a m'mudzi akumbuka, akali moyo: dambo liti linali kuyera, ndi mwezi uti anali kubzala nyemba. Muwafunse mmodzi mmodzi, osati pa bwalo, cifukwa pa bwalo onse abvomereza mau a iye amene wayamba kulankhula.