Za Madzi Owira ndi Nkhuni

Abale, tiyeni tiphunzire za madzi. Matalala, madzi ndi nthunzi ndi chinthu chimodzi, chopangidwa ndi tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. M'matalala tinthuto tigwirana zolimba. M'madzi tiyenda mokhudzana. Mu nthunzi tibalalika. Moto ukakula, tinthuto tiyenda mofulumira, ndiko kutentha kumene dzanja limva.

Koma madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa apo. M'mbali mwa nyanja yamchere awira pa madigiri 100. Kumapiri awira asanafikepo. Moto woonjezera ungosandutsa madzi nthunzi. Chotero pophika nyemba, tikasonkhezera nkhuni zambiri, madzi aphwa, koma nyemba sizifulumira kupsa. Tsono zikawira, tichepetse moto ndi kuvundikira mphika, pakuti nkhuni tizitola kutali.